Momwe mungadziwire ngati manejala wa timu ya NHL akuitha ntchito

Mu ligi ya hockey ya pa ayezi ya NHL, ku America ndi Canada, wogula, kusinthanitsa ndi kusainitsa osewera ndi manejala wamkulu, osati mphunzitsi. Nanga mungamupime bwanji?

Yambani ndi kufunsa kuti timuyo anaipeza ili bwanji. Julien BriseBois anatenga Stanley Cup, chikho cha ligiyi, ndi timu ya Tampa Bay mu 2020 ndi 2021, koma akatswiri ngati Nikita Kucherov ndi Brayden Point anabwera nthawi ya manejala Steve Yzerman, BriseBois ali wachiwiri wake. Chikho sichinena amene analima mundawo.

Kenako onani draft, pomwe matimu amasankha achinyamata mosinthana. Wosewera wosankhidwa koyambirira musamuwerengere. Connor McDavid mu 2015 aliyense akanamutenga, Edmonton inangogwera mwayi pa mayere. Tsikirani kumunsi kwa mndandanda. Kucherov uja anatoledwa pa nambala 58 mu 2011, Point pa 79 mu 2014. Diso la manejala ndi anthu ake ofufuza luso limaonekera pamenepo.

Chachitatu ndi ndalama, ndipo apa khalanipo ndithu. Kuyambira 2005 ligiyi ili ndi malire a malipiro a timu yonse, omwe anayambira pa madola 39 miliyoni. Ukalipira wosewera mmodzi mopyola, wina wabwino amakupulumuka. Choncho pa kontilakiti iliyonse onani kutalika kwake ndi zaka zimene wosewerayo adzakhale nazo ikamatha. New York Islanders inapatsa goloboyi Rick DiPietro zaka 15 ndi madola 67.5 miliyoni mu 2006. Munthuyo anangokhalira kuvulala, mpaka timu inathetsa kontilakitiyo mu 2013, kumamulipirabe asakusewera.

Pa zosinthanitsa osewera, musaweruze tsiku lomwelo, dikirani zaka ziwiri kapena zitatu. Peter Chiarelli wa Edmonton anapereka Taylor Hall ku New Jersey mu 2016 posinthana ndi Adam Larsson, ndipo mu 2018 Hall anasankhidwa kukhala wosewera wofunika kwambiri mu ligi. Pomwe Bill Zito wa Florida anataya Jonathan Huberdeau ndi MacKenzie Weegar mu 2022 kuti apeze Matthew Tkachuk. Ambiri anati wapereka zochuluka. Florida inatenga chikho mu 2024 ndi 2025.

Mphotho ya manejala wa chaka ilipo kuyambira 2010, koma ine sindiidalira kwenikweni: imayang'ana nyengo imodzi, pomwe kontilakiti yoipa imayamba kuluma chaka chachinayi kapena chachisanu, mwina woisainitsayo atachotsedwa kale ntchito.