Webusaiti ikamangogwa ndipo a hosting sakuyankha, chitani izi

Ine ndimapanga mawebusaiti kuno ku Kasungu, ang'onoang'ono omwewa, ya sukulu ya pulaiveti, ya malo ogona alendo, ya kopaletivu ya alimi a soya. Chaka chatha ya sukulu ina inagwa sabata yomwe makolo ankasaka mafomu a Fomu 1. Ahedi anandiimbira 6 koloko m'mawa, "Achimwene, chinthu chija sichikutseguka, makolo akungondiimbira ine." Ndinalembera a hosting (kampani yomwe imasunga webusaiti pa seva, kompyuta yawo yolumikizidwa ku intaneti) pa WhatsApp, uthenga anauwerenga ndithu koma zii, tsiku lachitatu ndi pomwe anayankha kuti "tikuyang'ana bwana" basi, webusaiti inadzuka patatha masiku asanu. Zinandiwawa kwambiri chifukwa ahedi aja anakhulupirira ine, a hosting sakuwadziwa n'komwe. Ndiye zomwe ndinaphunzira ndi izi.

Musanakalipire munthu, tsimikizani kaye kuti vuto lili kwa iwowo. Netiweki yathu mukuidziwa, ndiye ngati muli pa Airtel yesani pa TNM, kapena uzani mnzanu wa ku Lilongwe atsegule pa foni yake. Ikakanika konseko werengani zomwe zalembedwa pa sikirini, musangotseka. Mukaona 500 nthawi zambiri ndi plugin (kapulogalamu koonjezera pa webusaiti) kapena code yanu yomwe yasokoneza, 503 ndiye kuti seva yalemedwa kapena akuikonza, 508 ikutanthauza kuti mwadutsa malire omwe anakupatsani pa phukusi lanu. "Error establishing a database connection" ndi WordPress (pulogalamu yopangira mawebusaiti) ikulephera kulankhula ndi database, nkhokwe yosungira zolemba za webusaiti yanu. "Account suspended" kawirikawiri ndi nkhani ya malipiro. Ikamati "Your connection is not private" nthawi zambiri ndi satifiketi ya SSL (yachitetezo cha webusaiti) yatha, zija za bungwe la Let's Encrypt zimakhala masiku 90 ndipo zimayenera kudzikonzanso zokha, zikapanda kutero ndi ntchito ya a hosting. Onaninso pa WHOIS (pofufuzira mwini wa domain ndi tsiku lake lothera) ngati domain, dzina lomwe anthu amalemba kuti afike pa webusaiti yanu, sinathe nthawi, izi zimachitika kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira.

Kenako sungani umboni. Tsegulani akaunti yaulere pa UptimeRobot, imayang'ana webusaiti yanu mphindi 5 zilizonse ndipo ikagwa imakutumizirani imelo yonena nthawi yake. A hosting ambiri amalonjeza kuti webusaiti izikhala yotseguka 99.9% ya nthawi yonse, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi, mwezi wa masiku 30 uli ndi mphindi 43,200, kutanthauza kuti webusaiti ikuloledwa kugwa mphindi 43 zokha mwezi onse. Ikagona usiku umodzi osatseguka lonjezo lija laphwanyidwa kale, ndipo muli ndi pepala lowaonetsa.

Polemba dandaulo musathere pa WhatsApp kapena kuimba foni, mawu a pafoni amauluka. Tsegulani tiketi (dandaulo lolembedwa pa akaunti yanu ya hosting) kapena tumizani imelo kuti pakhale nambala ndi tsiku. Musalembe kuti "webusaiti sikugwira thandizeni", amangokuyankhani kuti yesaninso. Lembani dzina la domain, nthawi yomwe inagwa, uthenga omwe ukutuluka ndi screenshot yake, zomwe mwayesa kale, kenako funso limodzi lolunjika, vuto ndi chani ndipo likonzedwa nthawi yanji. Mwaulemu ndithu, munthu amene akuwerengayo mwina ndi mnyamata wolembedwa ntchito chabe alibe mphamvu pa seva. Pakatha tsiku osayankha bwererani pa tiketi yomweyo, musatsegule ina, ndipo pemphani kuti ipite kwa wamkulu wawo.

Pali chinthu china chomwe ambiri sitidziwa. Ena mwa ogulitsa hosting alibe seva yawoyawo, anachita lendi malo pa seva ya kampani ya ku South Africa, ku Ulaya kapena ku America n'kumatigawira ife tizidutswa. Zili ngati munthu wachita lendi nyumba pa boma pano kenako wakupatsani chipinda chimodzi, denga likadontha inu mukauza iyeyo, iyenso akudikira landilodi amene ali kutali. Si kulakwa kuchita bizinesi yotere, alipo ena amagwira bwino ntchito, koma funsani musanalipire kuti seva ili kuti ndipo ikagwa usiku amaidzutsa ndani.

Tsopano nkhani yeniyeni, imene ndikufuna muigwiritsitse. Munthu amene angathe kusamuka sapempha chifundo kwa a hosting, ndipo kuti muthe kusamuka pakufunika zinthu ziwiri zikhale m'manja mwanu, domain ndi backup, kopi ya webusaiti yonse yosungidwa padera.

Domain ilembedwe m'dzina lanu kapena la bungwe lanu, ndi imelo yanu, osati ya amene anakupangirani webusaiti, ngakhale atakhala ine. Kwa sukulu ija apa ndi pomwe tinakodwa, domain inali m'dzina la a hosting chifukwa anati ndi yaulere mu phukusi, ndiye kuti tichoke tinachita kuwachonderera milungu ingapo. Ngati ndi ya .mw, kaundula wake amasunga a Malawi SDNP, onetsetsani kuti dzina lolembedwa kumeneko ndi lanu. Ine masiku ano domain ndimagula kwina hosting kwina, kuti wina akavuta asandigwire miyendo yonse iwiri. Imelo yolembetsera ikhale ya Gmail kapena ina yosadalira domain yomweyo, apo ayi seva ikagwa uthenga osinthira pasiwedi upita ku bokosi lomwe lafa.

Backup nayo musadalire yomwe a hosting amati timasunga, nthawi zina imakhala pa seva yomwe yagwayo. Mu cPanel, tsamba loyendetsera akaunti yanu ya hosting, pitani pa Backup mutsitse full backup. Ngati ndi WordPress ikani plugin ya UpdraftPlus izitumiza backup yokha ku Google Drive sabata iliyonse, kumeneko muli ndi 15GB yaulere, yokwana webusaiti ya sukulu kapena ya shopu. Pamanja zimathekanso, foda ya wp-content ndi database yotsitsidwa ku phpMyAdmin (ili mu cPanel momwemo), zinthu ziwiri zimenezi ndiye webusaiti yanu. Ine ndimatsitsa usiku ndi bandulo yausiku laputopu itadzadza moto, chifukwa magetsi akazima pakati faili imaduka ndipo imaoneka ngati ilipo koma siitseguka. Ndiye mukatsitsa itseguleni muone ngati zithunzi ndi faili ya .sql (ya database) zilimo, kenako kopi ina pa flash. Maimelo musawaiwale, nawonso amakhala pa seva yomweyo.

Ikafika nthawi yochoka musayambe ndi kutseka akaunti yakale chifukwa cha mkwiyo. Gulani hosting yatsopano kaye, ikani backup, yesani ngati zonse zikutseguka, pangani mabokosi a imelo omwe aja, kenako ndi pomwe musinthe nameservers, zomwe zimalozera domain ku seva yanu, kumene munagula domain. Kusinthaku kumatha kutenga mpaka maola 48 kuti kufike paliponse, ndiye ena aziona yakale ena yatsopano, musadabwe. Sankhani Lachisanu madzulo kapena nthawi ya holide, osati sabata ya mafomu kapena nthawi yomwe ogula soya akusaka manambala anu. Hosting yakale isiyeni ikugwirabe ntchito sabata imodzi. Ngati mukusamutsanso domain ya .com pemphani EPP code (nambala yachinsinsi yosamutsira domain) ndi kuti aitsekule, koma dziwani kuti domain yongolembetsedwa kumene kapena yongosamutsidwa siisuntha mpaka patadutsa masiku 60.

Posankha atsopano ine ndimawayesa ndisanapereke ndalama, ndimawatumizira funso Loweruka usiku n'kuona kuti ayankha liti komanso ayankha zomveka kapena ayi. Lipirani mwezi umodzi kapena itatu poyamba, za chaka chonse zidzabwera mukawaona khalidwe. Akunja amafuna madola, ndipo chichokereni pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44% mu November 2023 mtengo wake umapweteka, kuonjezera apo khadi ya kubanki imatha kukana tsiku lolipira chifukwa cha vuto la forex. Akuno ubwino wake mumalipira pa Airtel Money kapena Mpamba mu makwacha. Kulikonse mungasankhe, lembani tsiku lothera domain ndi hosting mu kalendala ya pafoni, alamu ilire kutatsala mwezi wathunthu, ndipo mapasiwedi onse apatseniko ahedi kapena wapampando wa kopaletivu mu envelopu yomata aziisunga ku ofesi.