Asanathamangire pa intaneti, atumeni kwa agogo

Aphunzitsi anzanga a Chingerezi, mukauza ana a Fomu 2 kuti alembe mbiri ya munthu wotchuka, ambiri amangokopera za pa intaneti, mawu oti eni akewo sangawamasulire. Ine ndimayamba ndi kuwatuma kwa agogo awo, kapena kwa mkulu aliyense wa m'mudzi amene angalole kucheza nawo.

Mafunso timakonzera limodzi m'kalasi, asanu okha. Kuchezako kukhale m'chiyankhulo cha kwawo, Chingerezi chibwere polemba. Akumbutseni kuti kwa akulu sitingofikira kutulutsa kope. Ayambe alonjera, akhale pansi, apemphe chilolezo.

Povuta ndi pa zaka. Agogo ambiri satchula chaka, amangoti "ndinabadwa itangotha njala yaikulu ija." Kafukufuku weniweni ali pamenepa. Pa bolodi ndimalemba zaka zodziwika: njala ya 1949, ufulu wa 1964, riferendamu ya 1993. Mwana aziika zochitika za agogo ake pakati pa zakazi, kenako afunsenso munthu wachiwiri kuti atsimikize. Mtsikana wina anabwera ndi khadi la ubatizo la agogo ake, lofiira ndi utsi, lodyeka m'mbali, atalikulunga m'pulasitiki. Mpaka lero ndimakumbukira chimwemwe chake atapezapo chaka chimene ankachifuna.

Polemba, past tense imalowa mosavuta, chifukwa nkhaniyo akuidziwa kale.

Akazolowera, atulutsireni K200, aone nkhope ya mayi Rose Chibambo, akafufuze za iwo m'mabuku awiri osiyana.