Kalikuleta yakale ya bambo yayambanso kusindikiza

Kalikuleta ya pepala imene bambo ankawerengera ndalama pogula chimanga ndi mbatata kuno ku Ulongwe inasiya kusindikiza. Manambala ankaoneka bwinobwino pagalasi, koma ukadina batani mota inkangong'ung'udza, pepala osayenda.

Ndinasintha mabatire, ndinaika mpukutu wina wa pepala wa 57 mm, koma ayi ndithu.

Kenako ndinachotsa mabatire n'kumasula masikuluwu a pansi. Vuto linali pa timagiya tapulasitiki ta pafupi ndi mota: girisi wakale anauma gwa ngati phula, atasakanikirana ndi fumbi la chimanga. Apa m'pofunika kudekha. Ndinkanyowetsa kathonje ndi spiriti, n'kupukuta dzino limodzilimodzi uku ndikuzunguza giya ndi chala pang'onopang'ono. Musakakamize, timano timeneti sitichedwa kuthyoka ndipo pamsika simungatipeze. Pansi pa labala yokoka pepala panali kachidutswa ka lisiti, ndinakatokosa ndi singano. Ndinadonthezera kadontho kamodzi ka mafuta a makina osokera pa kachitsulo kozungulirapo giya, osakhudza labala.

Inayenda, koma manambala ankatuluka otuwa. Mlamu anandibweretsera kalola ka inki (kagudumu kopaka inki pa manambala) ka mtundu wa IR-40T kuchokera ku Tete. Zonse pamodzi zinandidyera 350 meticais.