Kawerengedwe ka zithunzi zakale za matauni a njanji m'chipululu

Aphunzitsi a mbiri yakale ndi ophunzira a kuno ku Blantyre amapeza pa intaneti zithunzi zambiri za matauni amene anamera m'mphepete mwa njanji m'zipululu za ku Namibia ndi ku America, koma zambiri zimabwera zopanda chaka, zopanda dzina la malo, ndipo anthu amene ali pamenepo satchulidwa n'komwe. Musanachigwiritse ntchito chithunzi chotere, chifunseni mafunso mwadongosolo.

Yambani ndi madzi. Injini zoyendera malasha zinkamwa madzi ochuluka, choncho m'chipululu siteshoni inkamangidwa pamene madzi akanatha kupezeka kapena kusungidwa, ndipo tauni inkabwera pambuyo. Thanki yaitali ya madzi ndi mulu wa malasha zikaoneka kuti zikugwirabe ntchito, chithunzicho ndi cha nthawi imene injini za dizilo zinali zisanalande ntchitoyo. Nyumba yaikulu ya siteshoni nayo imathandiza, chifukwa chaka chimene inamangidwa chimadziwika: mwachitsanzo m'chigawo cha California ku America, El Garces ku Needles inatsegulidwa mu 1908, Casa del Desierto ku Barstow mu 1911, ndipo siteshoni ya Kelso mu 1924. Chithunzi sichingakhale chakale kuposa nyumba imene ili m'kati mwake.

Kenaka yang'anani njanji yeniyeniyo. Njanji ya Otavi ya ku Namibia, yochokera ku Swakopmund kudutsa ku Usakos mpaka ku Tsumeb, inamalizidwa mu 1906 ndipo inali yopapatiza kwambiri, mamilimita 600 okha, pamene yathu ya ku Limbe ndi ya mamilimita 1,067. Gawo la ku Swakopmund mpaka ku Usakos analikulitsa mu 1915, ndipo lotsalalo mu 1960. Ngati munthu waima pafupi ndi njanji ku Usakos ndipo mpata wa pakati pa zitsulo ziwirizo ukuoneka waufupi kuposa mwendo wake, mwadziwa kale kuti chithunzicho n'cha chaka cha 1960 chisanafike. Zikwangwani za Chijeremani pa siteshoni zimaloza ku nthawi ya chaka cha 1915 chisanafike, pamene asilikali a South Africa analanda dziko la Namibia kwa Ajeremani, ngakhale kuti masitolo anapitiriza kulemba Chijeremani kwa zaka zambiri, motero chikwangwani cha sitolo chokha si umboni wokwanira.

Ngati muli ndi chithunzi chenichenicho m'manja, kapena amene anachiika pa intaneti anaonetsanso kuseri kwake, chitembenuzeni. Zambiri mwa zithunzizi zinali mapositikhadi, ndipo mzere wogawa kuseri pawiri, mbali ya uthenga ndi mbali ya adiresi, unaloledwa ku Britain mu 1902, ku Germany mu 1905 ndi ku America mu 1907, choncho khadi lokhala ndi mzerewo si lakale kuposa zaka zimenezi. Chidindo cha ku positi ofesi chimangonena tsiku limene khadi linatumizidwa. Chithunzicho chikhoza kukhala chakale kuposa pamenepo.

Gawo lofunika kwambiri, limenenso anthu amalidumpha, ndi la anthu. Wojambula nthawi zambiri ankalembedwa ntchito ndi kampani kapena boma, ndiye amene anakhala pampando pakati, atavala chipewa, ndi amene dzina lake linalembedwa, pamene onyamula mafosholo anaikidwa m'mphepete opanda dzina. Inu yambirani m'mphepetemo. Onani amene ali ndi nsapato ndi amene alibe, amene akuyang'ana kamera ndi amene wayang'ana pansi, ndiponso mbali ya njanji kumene kuli nyumba za njerwa ndi kumene kuli tizisakasa ta malata. Njanji ya ku Lüderitz kupita ku Aus ku Namibia, imene inatha mu 1906, inamangidwa ndi akaidi a mitundu ya Herero ndi Nama ogwiritsidwa ntchito mokakamiza, ndipo ambiri a iwo anafera pomwepo. Kulemba kuti "ogwira ntchito panjanji" pansi pa chithunzi chotero n'kubisa choonadi. Pa njanji yomweyo, pafupi ndi Kolmanskop, wantchito wochotsa mchenga dzina lake Zacharias Lewala anatola dayamondi mu 1908, ndipo tauni yonse inamangidwa chifukwa cha mwalawo, koma zithunzi zimene zimafala masiku ano n'za zipinda zodzaza mchenga, anthu atachokamo m'zaka za m'ma 1950. N'zokongola ndithu, koma sizikuphunzitsani za amene ankakhalamo. Zithunzi zimene Jack Delano anajambula pa njanji ya Santa Fe ku America mu 1943, zosungidwa ku laibulale ya Library of Congress, n'zothandiza pa mbali imeneyi, popeza pa zambiri analemba malo ndi ntchito ya munthu, nthawi zinanso dzina lake.

Polemba mawu ofotokoza chithunzi, siyanitsani zimene mwaona, zimene zinalembedwa kale, ndi zimene mukungoganiza. Ndi bwino kulemba kuti "pakati pa 1906 ndi 1915" kusiyana n'kupeka chaka chimodzi.

Luso limeneli mungalizolowere konkuno. Njanji ya Shire Highlands inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, imene lero ndi Nsanje, ndipo laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House imasunga zithunzi za m'nthawi ya atsamunda zimene mungazifunse mafunso omwewa. Zithunzi za pakhomo panu zili pangozi kuposa za ku Namibia, kumene mpweya wouma umasunga pepala, chifukwa kuno chinyezi cha m'dzinja, chiswe ndi mphemvu zimawononga msanga. Lembani kuseri ndi pensulo yofewa, osati bolopeni, musachite lamineshoni chifukwa kutentha ndi guluu zimaononga chithunzi kosabwezeka, ndipo chilichonse chikhale m'envulopu yakeyake, kutali ndi khoma lonyowa. Pochisikana sankhani 600 dpi (timadontho 600 pa inchi iliyonse), mbali zonse ziwiri, ndipo ngati kuli agogo amene angazindikire nkhope, apititsireni kope losindikiza, choyambiriracho chitsale m'envulopu.