Momwe mungakonzere ulendo wanu woyamba wokaphunzira ski m'chigwa cha Chamonix

Tauni ya Chamonix, kum'mawa kwa dziko la France, ili pamalo okwera mamita 1,035, kotero kuti pa kukwera kwake sikusiyana kwenikweni ndi Lilongwe. Kusiyana kumaoneka mukatukula maso, chifukwa pamwamba pa denga la nyumba zake pali phiri la Mont Blanc, lomwe nsonga yake imapitirira mamita 4,800, pamene Sapitwa wa ku Mulanje amathera pa mamita 3,002. M'chigwa chimenechi ndimo munachitikira mpikisano woyamba wa Olimpiki wa m'nyengo yozizira mu 1924, ndipo mpaka lero akatswiri otsetsereka pa chipale chofewa amachilemekeza chifukwa cha mitsetse yake yoopsa. Kutchuka kumeneku ndi kumene kumasocheretsa mlendo woyamba, pakuti zimene zimakopa akatswiri sizimene iye akufunikira. Kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia amene akukhala ku Britain kapena m'mayiko ena a ku Ulaya, ndipo akufuna kuyesako pa tchuthi masewera a ski, otsetsereka pa chipale chofewa munthu ataponda timatabwa tiwiri tatitali tomwe timatchedwanso ski, ndondomeko yake ndi iyi.

Gawo loyamba: sankhani sabata

Malo ambiri otsetserekera m'chigwachi amatsegulidwa chapakati pa Disembala ndi kutsekedwa mu Epulo. Sabata ya Khirisimasi ndi ya chaka chatsopano, komanso mwezi wa Febuluwale pamene ana asukulu a ku France ndi ku Britain amakhala pa tchuthi, mitengo ya malo ogona imakwera ndipo mizere imatalika. Amene alibe ana asukulu asankhe pakati pa Januwale, ngati sakuopa kuzizira koopsa ndi usana waufupi, kapena mwezi wa Malichi, umene ine ndimauona kuti ndi wabwino koposa kwa wophunzira chifukwa dzuwa limakhalitsa ndipo zala sizichita dzanzi msanga.

Gawo lachiwiri: viza ndi inshuwalansi

Chilolezo chokhalira ku Britain sichikupatsani ufulu wolowa mu France. Ngati mumakhala ku Britain ndipo pasipoti yanu ndi ya Malawi, Zambia, Zimbabwe kapena Mozambique, mufunika viza ya Schengen, yolowera m'gulu la mayiko a ku Ulaya lomwe muli France ndi Switzerland, ndipo mungayambe kuipempha kutatsala miyezi 6 kuti munyamuke. Ngakhale ndege yanu ikatere ku Geneva, m'dziko la Switzerland, vizayo muyenera kuipempha kwa akuluakulu a France, popeza lamulo limayang'ana dziko limene mukakhalemo masiku ambiri.

Pempho la viza limafuna inshuwalansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000, koma apa m'pofunika kuwerenga mosamala. Inshuwalansi yokwanira kupezera viza nthawi zambiri siphatikiza ngozi za masewera a pachipale, ndipo ku France munthu wovulala pamtsetse akanyamulidwa ndi gulu lopulumutsa anthu, amalipiritsidwa. Onetsetsani kuti pepala lanu latchula masewera a m'nyengo yozizira komanso kunyamulidwa kuchokera paphiri. Ngati silinatchule, mungathe kuwonjezera inshuwalansi ya tsiku ndi tsiku pogula tikiti ya kuphiri, imene imakulolani kukwera makina onyamula anthu kupita pamwamba pa mitsetse.

Gawo lachitatu: dziwani chigwacho musanalipire pogona

Ambiri amaganiza kuti Chamonix ndi phiri limodzi limene munthu amatuluka m'nyumba n'kuyamba kutsetsereka pakhomo pomwepo. Sizili choncho. Ndi chigwa chachitali chotsatira mtsinje wa Arve, ndipo malo otsetserekera ndi omwazikana, kotero kuti pafupifupi tsiku lililonse mudzakwera basi kapena sitima mutanyamula zipangizo paphewa.

Kumunsi kwa chigwa kuli mudzi wa Les Houches, kumene mitsetse yambiri imadutsa m'nkhalango, ndipo mitengoyo imathandiza munthu kuona njira pa tsiku la chifunga. Pamwamba pa tauni yeniyeni pali Brévent ndi Flégère, malo oyang'ana kum'mwera amene amalandira dzuwa tsiku lonse, koma ambiri mwa mitsetse yake ndi ya anthu ozolowera. Mukapitirira mufika ku Argentière, komwe kuli Les Grands Montets, ndipo kumeneko musiyireni akatswiri pa ulendo woyambawu. Kumapeto kwenikweni, kufupi ndi malire a Switzerland, kuli Le Tour ndi dera la Balme, lomwe lili ndi mitsetse yotakata ndi yosapendekeka kwambiri.

Chimene wophunzira ayenera kufunafuna ndi timabwalo ta oyamba kumene, tomwe tili pansi m'chigwa: Le Savoy ndi Les Planards m'mbali mwa tauni, Les Chosalets ku Argentière, La Vormaine ku Le Tour, ndi Le Tourchet ku Les Houches. Sankhani kaye bwalo limene mudzaphunzirirepo, kenaka mufune pogona pamene mungayende wapansi kukafika kumeneko kapena pafupi ndi pokwerera basi. Kuyenda mphindi 20 mutavala nsapato za ski, zomwe sizipindika m'kakolo, n'kokwanira kuti munthu adane ndi masewerawa asanawayambe. Nyumba zambiri zobwereka zimabwereketsedwa kuyambira Loweruka kufika Loweruka linzake, ndipo kudziphikira nokha kumapulumutsa ndalama zambiri chifukwa chakudya cha m'malesitilanti a paphiri n'chodula.

Gawo lachinayi: kufika kumeneko

Bwalo la ndege lapafupi ndi la Geneva, ndipo kuchokera kumeneko ndi ulendo wa ola limodzi ndi mphindi zingapo pa basi kapena minibasi yolipiriratu pa intaneti. Obwera pa sitima amasinthira pa Saint-Gervais-les-Bains-Le Fayet n'kukwera sitima ya Mont-Blanc Express, imene imaima m'midzi ya m'chigwamo mpaka ku Vallorcine. Galimoto yobwereka sindikulimbikitsani, pokhapokha ngati munazolowera kuyendetsa kudzanja lamanja pamsewu woterera, komanso lamulo la m'madera amapiri a France limafuna matayala a m'nyengo yozizira kapena matcheni kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Malichi.

Gawo lachisanu: zovala ndi zipangizo

Musagule ski, ndodo kapena nsapato pa ulendo woyamba. Zonsezi, pamodzi ndi chipewa cholimba choteteza mutu, zimabwerekedwa m'masitolo amene ali ponseponse m'chigwamo, ndipo kusungitsa pa intaneti musanafike kumatsitsa mtengo. Zogula kapena zopempha kwa anzanu ndi jekete ndi buluku zosalowa madzi, magolovesi osalowanso madzi, magalasi a pachipale, ndi masokosi aatali a ski. Kavalidwe kake ndi ka magawo atatu: chovala chothina cha m'kati chimene sichisunga thukuta, juzi yofunda pakati, ndi jekete pamwamba. Chovala cha thonje chisakhudze khungu, chifukwa chikanyowa ndi thukuta chimazizira ndipo sichiuma. Jinzi isiyeni m'chikwama.

Nthawi yanu yambiri m'sitolo muithere pa nsapato. Valani sokosi imodzi yokha kuphazi lililonse, osati ziwiri monga ambiri a ife timachitira kukazizira mu Juni, popeza masokosi ophatikiza amapindika m'kati n'kutsekereza magazi, ndipo phazi limazizira kuposa kale. Nsapato yoyenera imagwira phazi lonse mwamphamvu: mukaima chilili zala zimakhudza kutsogolo pang'ono, ndipo mukapinda mawondo zimabwerera m'mbuyo pamene chidendene sichikutukuka. Ikakupwetekani tsiku loyamba, bwererani nayo madzulo omwewo mukasinthe.

Wogwira ntchito m'sitolomo adzakufunsani kulemera kwanu, kutalika kwanu ndi luso lanu. Muuzeni zoona. Mayankho amenewa ndi amene amagwiritsa ntchito pochuna chitsulo chogwirira nsapato pa ski, chomwe chinapangidwa kuti chimasuke chokha mukagwa. Munthu akanama kuti ndi wozolowera, chitsulocho amachimanga kolimba, ndipo pakugwa chimene chimagonja ndi bondo. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: sukulu ndi tikiti

Lembetsani maphunziro musananyamuke kwanu. Sukulu yodziwika m'dziko lonselo ndi École du Ski Français, imene aphunzitsi ake amavala majekete ofiira, koma m'chigwamo mulinso sukulu zina, ndipo polembetsa nenani kuti mukufuna mphunzitsi wolankhula Chingerezi. Maphunziro a pagulu nthawi zambiri amayamba Lamlungu kapena Lolemba n'kupitirira sabata yonse, maola angapo patsiku. Mnzanu amene anapitako kawiri sangalowe m'malo mwa mphunzitsi, ngakhale akhale ndi mtima wabwino chotani, chifukwa amatopa ndi kudikira ndipo pofika tsiku lachiwiri amakhala atakutengerani pamalo amene simungathe kutsika.

Matikiti akuluakulu ndi awiri. Chamonix Le Pass imakulowetsani ku Brévent, Flégère, Balme ndi Les Grands Montets, pamene Mont Blanc Unlimited, yomwe ndi yodula kwambiri, imawonjezera Les Houches, ngolo ya pa chingwe yopita kunsonga ya phiri ya Aiguille du Midi, sitima yokwera phiri ya Montenvers ndi malo otsetserekera a Courmayeur ku Italy. Wophunzira safunika iliyonse mwa iwiriyi pa masiku oyamba, popeza timabwalo ta oyamba kumene tili ndi matikiti ake otchipa. Dikirani mphunzitsi akuuzeni tsiku limene mwakonzeka kukwera pamwamba.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: pamtsetse

Chinthu choyamba kuphunzira ndi kuima. Mumayandikizitsa nsonga za kutsogolo za ski zanu n'kutangadza za kumbuyo, ndipo kaimidwe kameneka Afalansa amakatcha chasse-neige, mawu amene mudzawamva akufuulidwa tsiku lonse. Kukhota kumachokera pomwepo: mukatsamiritsa thupi pa mwendo wamanja mumakhotera kumanzere, mukatsamira wamanzere mumakhotera kumanja. Mantha amakankhira thupi kumbuyo ngati munthu wofuna kukhala pampando, ndipo m'pamene ski zimathawa. Muyenera kumva msongolo wanu ukukanikiza lilime la nsapato nthawi zonse. Mukaona kuti mukugwa, gwerani cham'mbali, ndipo podzuka yambani mwaika ski zanu mopingasa mtsetse.

Mitsetse ya ku France ili ndi mitundu inayi: wobiriwira ndi wa oyamba kumene, wabuluu ndi wosavuta, wofiira ndi wovuta, wakuda ndi wa akatswiri. Khulupirirani mtundu wa pachikwangwani ndi pamapu, osati dzina. Ku Les Houches kuli mtsetse wotchedwa La Verte, kutanthauza wobiriwira, koma ndi wakuda, ndipo m'pamene pamachitikira mpikisano wa Kandahar wa akatswiri a dziko lonse. Munthu amene wamaliza sabata yake yoyamba akutsika mtsetse wabuluu wa ku Balme mosagwa wachita bwino kwambiri.

Malamulo a pamtsetse ndi ochepa koma ngokhwima. Amene ali kumunsi kwanu ndiye mwini njira, ndipo udindo womupewa ndi wanu chifukwa iye sakukuonani. Musaime pamalo opanikizika kapena kuseri kwa chitunda kumene otsika sangakuoneni, ndipo musanayambenso kuyenda yang'anani kumtunda. Musadutse ndodo ndi zingwe zosonyeza malire a mtsetse, chifukwa kunja kwake kulibe amene wakonza kapena kuteteza chipale kuti chisagumuke. Chenjezo la kugumuka kwa chipale limalengezedwa tsiku lililonse pa muyeso wa 1 mpaka 5. Pakachitika ngozi, imikani ski mopingasana kumtunda kwa wovulalayo ndipo imbani nambala ya opulumutsa imene ili pamapu a mitsetse, kapena 112.

Dzuwa musalipeputse poona kuti kukuzizira. Chipale chatsopano chimabweza kuwala kochuluka kumaso, ndipo khungu lakuda nalo limapsa, milomo imang'ambika, maso amapweteka usiku ngati munatsetsereka opanda magalasi. Dzolani mafuta oteteza kudzuwa ndipo muzimwa madzi ngakhale musamve ludzu. Amene ali ndi matenda a sickle cell, a mtima kapena a mphumu aonane ndi dokotala asanalipire kalikonse, popeza kuzizira ndi kuchepa kwa mpweya pamalo okwera zimatha kudzutsa matendawa.

Gawo lomaliza: tsiku lopumula

Pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi ntchafu zimakhala zitauma, ndipo munthu wotopa ndi amene amavulala, makamaka chakumadzulo. Siyani ski kwa theka la tsiku mukwere sitima yofiira ya Montenvers, imene imakwera phiri mpaka pa mamita 1,913 kukaona Mer de Glace, mtsinje wa madzi oundana umene ukuphwa chaka ndi chaka. Kukacha kopanda mitambo, kwerani ngolo yoyenda pa chingwe yopita ku Aiguille du Midi, yomwe inatsegulidwa mu 1955 ndipo imakutengani kuchokera m'tauni kukafika kufupi ndi nsonga ya mamita 3,842 pa mphindi pafupifupi 20. Kumwambako yendani pang'onopang'ono, chifukwa ngakhale masitepe ochepa amachititsa wefuwefu, ndipo mutu ukayamba kupweteka kapena chizungulire chikakugwirani, tsikani. Mudzaona anthu atamangirirana zingwe akutsika kamzere kopapatiza ka chipale kulowera ku Vallée Blanche, njira ya makilomita pafupifupi 20 yodutsa pa madzi oundana okhala ndi ming'alu yobisika, imene anzeru amayendamo ndi wowatsogolera wovomerezeka. Inu ajambuleni muli kuseri kwa mpanda, kenaka mutsike ndi ngolo yomweyo mukadye tartiflette, mbatatesi yowotcha ndi anyezi, nyama ya nkhumba ndi tchizi cha reblochon, ndipo mukumbukire kuumitsa nsapato ndi magolovesi anu usiku, chifukwa mphunzitsi adzakhala akukudikirani m'mawa.