Kudziwa mtengo weniweni wa seti yakale ya ng'oma za bandi

Anthu ambiri akapeza seti yakale ya ng'oma za bandi m'sitolo ya tchalitchi kapena m'galaja ya malemu agogo, chimene amathamangira ndi kuipukuta, kuipenta ndi kusintha zitsulo zadzimbiri. Musatero ayi. Ukalamba pawokha sukweza mtengo wa ng'oma. Wogula wodziwa amalipirira ng'oma imene ikadali momwe inatulukira ku fakitale, ndipo bowo limodzi latsopano kapena chikuto cha kunja chosintha chingagwetse mtengo kuposa dzimbiri la zaka makumi asanu. Choncho musanakonze kalikonse, tengani tochi, tepi yoyezera ya mainchi, kiyi ya ng'oma, kamaginito, sikuludilaiva ndi foni yojambulira.

Yambani ndi baji, kachitsulo kolembedwa dzina la kampani kamene kamakhala pakabowo kotulukira mpweya. Pa ng'oma za kampani ya Ludwig ya ku Chicago, baji yamkuwa yaing'ono yotchedwa keystone ndi imene inali pa ng'oma za m'ma 1960, ndipo cha mu 1969 inalowedwa m'malo ndi baji ya mitundu iwiri, buluu ndi wobiriwira moderako. Baji yolembedwa Monroe ikutanthauza kuti ng'omayo si ya kale kuposa 1984, chaka chimene kampaniyo inasamukira ku North Carolina. Gretsch inali ndi baji yozungulira mpaka cha mu 1971, kenako ya ngodya zisanu ndi zitatu. Slingerland yolembedwa Niles ndi ya kuyambira cha mu 1960. Rogers inkamata kapepala m'kati mwa ng'oma kolembedwa Cleveland, Dayton kapena Fullerton, ndipo za Cleveland ndi Dayton ndizo zimafunidwa kwambiri. Nambala ya pa baji imathandiza, koma musaikhulupirire mopitirira. Ku Ludwig mabaji sankaikidwa motsatira ndondomeko ya manambala, moti nambala imangokupatsani chaka moyerekeza. Yang'ananinso kamkombero kogwira bajiyo cham'kati. Ka ku fakitale kamapindika bwinobwino mofanana. Kakakhala kophwanyika kapena kong'ambika ndi pulayala, bajiyo inachotsedwapo, ndipo mwina si ya ng'omayi n'komwe.

Umboni weniweni uli m'kati, choncho masulani chikopa chimodzi muunike ndi tochi. Ludwig ya m'ma 1960 ili ndi thunthu la timatabwa titatu topyapyala tomatikizana, ndi mikombero yolimbitsa ya mtengo wa maple kumilomo yonse iwiri. Zambiri zinapakidwa penti yoyera m'kati mpaka cha mu 1968, ndipo kawirikawiri mumapeza tsiku lodindidwa ndi inki, mwezi ndi chaka. Chidindo chimenecho n'chamtengo wapatali, musachikhudze ndi nsalu yonyowa ngakhale pang'ono. Gretsch ya nthawi yomweyo ndi ya timatabwa tisanu ndi kamodzi, ilibe mikombero yolimbitsa, m'kati mwake ndi mwa penti yasiliva. Snare (ng'oma yokhala ndi timawaya pansi pake) ya Slingerland yotchedwa Radio King, imene inatchuka ndi woimba ng'oma za jazi Gene Krupa, inkapangidwa ndi thabwa limodzi lokha lopindidwa ndi nthunzi, n'chifukwa chake imadula. Mukaona mtengo wofewa, wofiirira, wamizere yoimirira kuchoka m'mwamba kutsika pansi, imeneyo ndi imodzi mwa ng'oma zotsika mtengo za ku Japan za m'ma 1960, zimene makampani a Pearl ndi Star ankapangira masitolo osiyanasiyana n'kumatapo mayina ambirimbiri. Kunja zimafanana ndi Slingerland, zimaimbika ndithu, koma mtengo wake ndi wochepa ngakhale zili zakale.

Apa ndi pofunika kudekha: werengani mabowo onse a pa thunthu. Bowo lililonse liyenera kukhala ndi chitsulo chake cha ku fakitale. Mabowo otsala opanda kanthu, kapena otsekedwa ndi phula la matabwa, amasonyeza kuti wina anaikapo zitsulo za kampani ina, ndipo izi zinkachitika kwambiri m'ma 1970 pamene oimba ankafuna chogwirira cholimba cha tom (ng'oma yaing'ono ya pamwamba) ndi miyendo yamphamvu ya bass drum (ng'oma yaikulu yoimbidwa ndi phazi). Bowo silibwerera, ndipo osonkhanitsa zinthu zakale amadana nalo kuposa chilema china chilichonse. Kenako yezani kukula kwa mlomo wa ng'oma malo atatu kapena anayi, kudutsa pakati. Kusiyana kukapitirira mamilimita atatu, ng'omayo yapindika, chikopa sichikhala bwino ndipo kuichuna kumavuta. Ikani mlomowo pagalasi lathyathyathya, tochi ili m'kati. Kuwala kukamatuluka pansi malo ena, mlomo ndi wokumbika. Mlomo wooneka watsopano ndi wakuthwa pa ng'oma ya zaka 60 ndiye kuti unadulidwanso. Woimba angaukonde, koma wosonkhanitsa amachotserapo ndalama. Dinani ndi chala m'mbali mwa mikombero yolimbitsa kuti mumve ngati timatabwa tamatuka ndi chinyontho. Timabowo ting'onoting'ono tokhala ndi ufa wa mtengo pansi pake ndi ntchito ya tizilombo tofukula matabwa, ndipo ng'oma yotere muichotse msanga pafupi ndi zinzake.

Chikuto cha kunja chimanena zambiri. Masulani lug imodzi, kachitsulo kolowamo bawuti yomangira chikopa, muone mtundu umene wabisika pansi pake. Pa chikuto choyambirira, malo obisikawo amakhala owala kuposa pena ponse, chifukwa dzuwa ndi utsi wa fodya zimasandutsa choyera kukhala chachikasu. Ponse pakafanana ndendende, kayikirani kuti chikutocho n'chatsopano. Pa Ludwig zambiri za m'ma 1960 nsonga ya chikuto inkalowetsedwa m'kati mwa msoko wa thunthu, moti mumaiona mukaunika cham'kati. Mtundu nawo umasiyanitsa mtengo. Oyster Black Pearl imafunidwa chifukwa ndi imene Ringo Starr wa gulu la Beatles anaimbira pa pulogalamu ya pa TV ya Ed Sullivan mu February 1964, ndipo Mod Orange, Psychedelic Red ndi Citrus Mod za kumapeto kwa ma 1960 n'zosowa. Ng'oma za seti imodzi zifanane kazilalidwe ka mtundu, mabaji ndi masiku a m'kati. Seti yotolera uku ndi uku siifika mtengo wa imene inatuluka limodzi ku fakitale.

Kukula kumayezedwa pa thunthu, osati pa mkombero womangira chikopa. Gretsch ya baji yozungulira ya bass drum ya mainchi 18, tom ya 12 ndi tom yapansi ya 14 imaposa kutali pa mtengo inzake ya bass drum ya mainchi 22, chifukwa oimba jazi amaisakasaka. Amene muli ku Britain mudzakumana kwambiri ndi ng'oma za kampani ya Premier. Zina mwa zakale, za chisanafike kumapeto kwa ma 1960, zili ndi miyeso yosiyana pang'ono ndi ya masiku ano, moti chikopa wamba cha mainchi 12 kapena 20 sichilowa. Zikopa zake zapadera zilipo, koma vutoli limachepetsa ogula.

Pa zitsulo, kamaginito kakakana kumata pa mkombero wonyezimira wa Ludwig ya kumayambiriro kwa ma 1960, mkomberowo ndi wamkuwa, ndipo ndi chizindikiro chabwino. Snare ya Ludwig yotchedwa Supraphonic ya aluminiyamu imachita timatuza ndi kusupuka, pomwe yakale yamkuwa ndi yolemerako, siichita zimenezo ndipo imadula kwambiri. Ma lug a Rogers oyambirira, a mkuwa wopyapyala, amang'aluka akamangidwa mwamphamvu, choncho ayang'aneni limodzi limodzi. Ma cymbal, mbale zachitsulo zomenya zija, muwaone paokha. Cymbal yakale ya K Zildjian yopangidwa ku Istanbul ikhoza kuposa mtengo wa ng'oma zonse mu setiyo. Jambulani chidindo chake, ipimeni pa sikelo ya magalamu, ndipo yendetsani chikhadabo m'mphepete kufufuza ming'alu. Onaninso ngati bowo lapakati likadali lozungulira.

Tsopano mtengo. Musatengere ndalama zimene ogulitsa alemba pa intaneti, poti munthu akhoza kulemba chilichonse. Pa tsamba la malonda la eBay sankhani zogulitsidwa kale, pa tsamba logulitsa zoimbira la Reverb onani mbiri ya mitengo, mupeze maseti osachepera asanu ofanana ndi yanu kampani, zaka, kukula ndi mtundu, ogulitsidwa m'chaka chapitachi. Tayani wokwera kwambiri ndi wotsikitsitsa, otsalawo ndiwo malire anu. Kenako chotserani pa chilema chilichonse, kuyambira ndi mabowo, chikuto chosintha ndi milomo yodulidwanso, ndipo pa chitsulo chosowa chotsani mtengo wogulira choyambirira chake. Kusowa kwa chinthu sikutanthauza kudula. Ng'oma ya kampani yosadziwika ingakhale yokhayo m'dziko lonse koma popanda woifuna. Mitengo imeneyi ndi ya misika ya ku America ndi ku Ulaya, choncho ngati ng'oma zili ku Lilongwe, Lusaka kapena Johannesburg, chotsaniponso ndalama zotumizira, zimene pa bass drum zimakhala zambiri. Nthawi zina n'kwanzeru kutumiza kunja snare ndi ma cymbal okha, ngakhale kuti kupatula snare ya mtundu wofanana ndi seti kumatsitsa mtengo wa zotsalazo.

Nkhani yoti setiyi anaimbira woimba wotchuka imafuna umboni: risiti, kalata, kapena chithunzi chooneka bwino mizere ya chikuto, popeza mizereyo siifanana pa ng'oma ziwiri. Seti ya Ludwig ya Ringo Starr inagulidwa madola oposa 2 miliyoni pa okushoni mu December 2015 chifukwa mbiri yake inali yotsimikizika. Popanda mapepala, ikani mtengo wa ng'oma wamba ya chaka chimenecho. Potumiza zithunzi kwa wodziwa, jambulani baji, m'kati, milomo, mabowo onse ndi msoko wa chikuto, ndipo chitsulo chilichonse chimene mwamasula, ngakhale wasala yadzimbiri, chisungeni m'kapepala kapulasitiki kolembedwa ng'oma imene chachokera.