Mudziwa bwanji kuti odwala anu akumwadi mankhwala?

Amene tikusamalira makolo a BP, a shuga kapena wachibale wa ma ARV kuno ku Harare yankho timalidziwa tisanafunse nkomwe. "Mwamwa mankhwala amayi?" "Eee ndamwa." Basi nkhani yatha. Koma a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, ananena kale mu 2003 kuti pa matenda okhalitsawa, ngakhale kumayiko olemera, ndi theka chabe la odwala amene amamwa mmene adokotala ananenera, ndiye "ndamwa" yekhayo musamudalire. Njira zoyezera zilipo zingapo koma iliyonse payokha imanama penapake, muziziphatikiza.

Yambani nkuwerenga mapilisi. Tsiku lomwe mwatenga botolo ku kiliniki, kaya nku Mabvuku kaya ku Mbare, lembani deti ndi nambala ya mapilisi pabotolo pomwepo. Tinene kuti munali 30, amamwa limodzi patsiku, lero patha masiku 20, ndiye mukuyenera kupeza 10. Mwapeza 14? Ndiye kuti amwa 16 m'malo mwa 20, imeneyo ndi 80 peresenti. Samu yake siisintha, omwe amwa gawani ndi omwe amayenera kumwa kenako muchulukitse ndi 100. Khuthulirani m'mbale youma nkumasuntha ndi supuni, osati zala zoti mwangochoka nazo kotsuka mbale. Ndipo musanawerenge sonkhanitsani kaye onse, azimayi athuwa ena amakhala m'kachikwama ka kutchalitchi, ena amangidwa pakona ya chitenje, ena asakanizidwa ndi a botolo la mwezi watha. Mukapeza atsala ochepa kuposa samu yanu musasekerere, mwina akumwa kawiri chifukwa choiwala kapena akugawirako aneba oti nawonso mutu ukuwawa. Komanso munthu akadziwa kuti mawa kuli kuwerenga amatha kutaya otsalawo m'chimbudzi, nchifukwa chake osalengeza tsiku.

Kenako onani madeti a pa khadi lakuchipatala kapena ma risiti a ku famase. Anapatsidwa a masiku 90 koma anabwerera kukatenga ena patatha masiku 105, ndiye kuti masiku 15 munalibe kanthu m'nyumba, anali ndi mankhwala pafupifupi 86 peresenti ya masikuwo. Ifeyo mpata umenewu nthawi zambiri umabwera ndi maliro a kumudzi, munthu wakwera basi kudzera Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza akuti ndikakhala sabata imodzi, akakhala mwezi, mapilisi anatenga a sabata yomweyo. Pa BP ndi shuga ofufuza amakonda kuika malire a kumwa bwino pa 80 peresenti. Pa ma ARV ku kiliniki amaphunzitsa 95, kutanthauza kuti pa mwezi wa masiku 30 mukaphonya awiri mwatsika kale.

Kufunsa nako kuli ndi luso lake, ndipo ine ndimaona kuti apa mpamene ambiri timalakwitsa, timafunsa ngati apolisi. Yambani ndi kuti "aliyense amaiwala agogo, sabata yathayi mwaphonya masiku angati?" Funsani za masiku ochepa apitawa, za mwezi wathunthu palibe amakumbukira. Ndiye funsaninso ngati amasiya akamva bwino, komanso ngati amasiya mankhwalawo akawavutitsa m'thupi, mumva zambiri. HCT, mapilisi a BP aja, amakodzetsa pafupipafupi ndiye tsiku lokwera kombi kupita m'tauni ambiri samwa dala, kuopa kuvutika panjira. Metformin, wa shuga uja, ena amawatsegula m'mimba makamaka akamwa osadya. Ena akudumphitsa tsiku kuti botolo lifike kumapeto a mwezi poti ku kiliniki kunalibe ndipo ku famase akufuna madola. Zonsezi si kuiwala ayi, alamu ya pa foni siingathandize, zofunika nkukawauza anesi.

Chomaliza ndi magazi, awa ndiye ovuta kuwanamiza. Wa ma ARV amayezedwa viral load, ndiye kuti kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, ikapitirira 1000 sathamangira kusintha mankhwala, amayamba ndi uphungu wa kamwedwe kenako nkuyezanso pakatha miyezi itatu kapena cha pamenepo. Wa shuga pemphani HbA1c, imaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, pomwe kobaya pachala kaja kamangonena za nthawi yomweyo. BP ndiye yosavuta kuinamiza, munthu amwa bwinobwino masiku atatu asanapite kukaonana ndi adokotala, makina nkuonetsa zabwino, akabwerako wasiyanso. Ngati muli ndi makina kunyumba yezani masiku osiyanasiyana, akhale kaye pansi mphindi 5 osayankhula, mkono utatsamira patebulo, nkulemba m'kope.

Koma BP kukwera sikuti nthawi zonse munthu sakumwa eti. Ngati mapilisi akukwana pa samu, madeti ali bwino koma manambala akukwerabe, mwina mlingo wachepa kapena mchere wachuluka m'ndiwo, musawakalipire ndipo musawonjezere mapilisi panokha. Tengani kope lija, khadi ndi mabotolo onse, ngakhale opanda kanthu ndi a zitsamba omwe, mupite nazo pa tsiku lawo lopita ku kiliniki anesi akaone okha.